Njira zounikira khansa ya prostate ikafalikira malo osayembekezeka

Khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) ikakula, kawirikawiri imapita m'mafupa a msana ndi a m'chiuno kapena m'mianabele, koma mwa apo ndi apo imakapezeka mu ubongo, pakhungu, kuseri kwa diso, m'machende ngakhale pa chida cha abambo. Malo oterewa ndi amene amasonyeza bwino kusiyana kwa njira zounikira.

Sikani ya mafupa, imene imagwiritsa ntchito mankhwala otulutsa cheza otchedwa technetium-99m, siona china koposa mafupa, ndipo nyamakazi kapena fupa lomwe linathyoka kale zimawala pa chithunzi ngati khansa. CT, sikani yojambula mkati mwa thupi ndi X-ray, imaona chiwindi ndi mapapo bwino, koma imaweruza mwanabele potengera kukula kwake, choncho kachotupa ka mamilimita ochepa kamadutsa osaoneka.

Sikani ya PSMA PET/CT imatsata puloteni yotchedwa PSMA, yomwe imachuluka pa maselo a khansayi, ndipo imaunika thupi lonse nthawi imodzi, ngakhale malo amene dokotala sanawaganizire. Kafukufuku wa proPSMA wa ku Australia, yemwe anasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti njirayi inalondola pa 92 peresenti, pamene CT pamodzi ndi sikani ya mafupa zinalondola pa 65 peresenti. Kwa ine, ngati funso ndi lakuti khansa yabisala kuti, iyi ndiyo yoyenera kuyambira.

Komabe ili ndi zofooka zimene sitiyenera kuzichepetsa. Impso ndi tiziwalo topanga malovu zimawala mwachibadwa, timfundo ta mitsempha tingaoneke ngati mianabele yodwala, ndipo mankhwala ena ounikira amatuluka ndi mkodzo, zomwe zingaphimbe chotupa chimene chili pafupi ndi chikhodzodzo kapena m'njira ya mkodzo. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti khansa imene yakhala nthawi yaitali pa mankhwala ochepetsa mahomoni nthawi zina imasintha n'kukhala ya mtundu wina woopsa wotchedwa neuroendocrine; pamenepo imasiya kuonetsa PSMA, mlingo wa PSA (puloteni imene amayeza pofuna kutsata khansayi) m'magazi ungakhale wotsika, chonsecho ndi mtundu womwewu umene umakonda kufalikira kuchiwindi ndi ku ubongo. Apa FDG PET, imene imatsata mmene maselo akudyera shuga, imaona zimene PSMA yaphonya.

MRI, sikani yogwiritsa ntchito maginito, imapambana zonsezi pa ubongo ndi pamene chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wa msana. Wodwala amene miyendo yayamba kufooka kapena amene mkodzo ukumuvuta kuugwira amafunika MRI tsiku lomwelo, osadikira PET. Ndipo chotupa chikapezeka chokhachokha pamalo achilendo, madokotala amadulako kanyama n'kukapima, chifukwa chingakhale khansa ina yosakhudzana ndi prostate.