Akachisi a ku Taipei salipiritsa pakhomo, musaberedwe ngati ife

Abale anga, ambiri mwakhala mukundivutitsa pa WhatsApp chifukwa cha zithunzi zija, eti ku Taiwan kuno tikudyerera. Imvani kaye mmene zinayendera.

Ndili pa sukulu ku Taichung, ndiye holide itafika ine ndi anzanga awiri tinati tikaoneko akachisi ndi misika ya usiku ku Taipei. Tinapeza ejenti wina pa Facebook, chizungu chake chosalala, akuti galimoto yathuyathu tsiku lonse, akachisi atatu, misika iwiri, chakudya chamadzulo momwemo, NT$2,500 (madola a ku Taiwan) munthu mmodzi, ndipo theka tinatumiziratu. Tsikulo galimoto palibe, kunangobwera kamnyamata kena wapansi n'kutikweza MRT, sitima yoti tikiti yake imayambira NT$20! Titafika pa kachisi wa Longshan ku Wanhua akuti aliyense atulutse NT$300 yolowera, ife n'kupereka. Tili mkati ndikuona agogo, ana asukulu, alendo anzathu akungolowa osapereka kanthu, pogulitsa matikiti palibe. Kulowa m'kachisi ameneyu ndi ulere abale, NT$900 yathu inathera m'thumba mwake.

Chimandipweteka kwambiri n'choti malowo ndi okongola zedi ndipo iye ankangotithamangitsa. Kachisiyu anamangidwa mu 1738, pakati pali chiboliboli cha Guanyin wa Abuda koma kumbuyo kuli milungu ina monga Mazu, amene asodzi ndi oyenda panyanja amamudalira, komanso Guan Yu wa nkhope yofiira, Abuda ndi a Tao kupemphera bwalo limodzi popanda kukangana. Matebulo odzaza zipatso ndi maluwa, amayi akuponya pansi timitengo tiwiri tofiira tooneka ngati mwezi wongokhala kumene kuti amve yankho la pempho lawo. Ine Chibuda ndinkangochimvera ku Amitofo, kosungirako ana amasiye ku Blantyre kuja, apa ndinaima kaye chete. Mukayang'anizana ndi kachisi mumalowera khomo lakumanja n'kutulukira lakumanzere, lapakati si la anthu wamba, ndipo thabwa la pakhomo saponda, amalumpha. Zonsezi anatiuza bambo wina wosesa, osati uja tinamulipirayu.

Akachisi atatu aja anathera pa mmodzi. Itakwana 7 madzulo anatisiya pamsika, akuti nthawi yake yatha timalize theka lotsala, za chakudya akuti sitinamvetsetse. Tinakana, anakalipa n'kuchoka, mmawa mwake tinapeza nambala yatiblokiratu.

Pamsikapo tinapsanso kachiwiri. Wogulitsa zipatso wina anatilawitsa mango, ife kugwedeza mutu iye wayamba kale kudula, mango, gwafa, chinanazi, timapepala titatu, NT$700. Mtengo wa pachikwangwani unali wa magalamu 100, ife timaganiza ndi wa jin, muyezo wawo wa magalamu 600. Zikadulidwa sabweza. Funsani mtengo wonse mpeni usanagwire chipatso, ndipo alembe pa foni muone ndi maso.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa pa hostel yomwe tinagona. Atamva nkhani yathu anagwira pakamwa, anatijambulira mapu papepala, n'kutiuza tigule EasyCard, khadi yolipirira sitima, ya NT$100 tizingoikamo ndalama. Tinatsika pa siteshoni ya Songshan, potulukira pomwepo pali kachisi wa Ciyou wa Mazu, wa 1753, usiku akuwala ngati wayaka moto, ndipo pambali pake ndi pomwe msika wa Raohe umayambira, msewu umodzi wa mamita ngati 600 wodzaza zakudya. Tsiku lonselo, sitima ndi kudya mpaka kukhuta, sindinafike NT$500. Tinafuna kumupatsa kangachepe mayiyo anakana mpaka kukwiya.

Asilamu ndi a Seventh Day samalani, mabanzi a tsabola otchuka aja amene anthu amafolera pamzere pa Raohe mkati mwake ndi nkhumba, ndipo nkhumba ili mu zakudya zambiri ngakhale msuzi. Tofu wonunkha uja, chakudya chawo cha soya, fungo lake lokha linandibweza. Mu MRT musadye, musamwe, ngakhale chingamu, faindi imayambira NT$1,500.

Ndiye inu amene mukufuna kugulitsa munda wa makolo chifukwa cha zithunzi za nyali zofiira, dzukani. Ndalama sizitoledwa pansi kuno, ine NT$1,550 yomwe anandidyera ejenti uja inali ya chakudya cha sabata yathunthu. Kumbukiraninso kuti Malawi anathetsa ubale ndi Taiwan mu 2008, kazembe wathu kuno kulibe, zikakuvutani palibe ofesi yakwanu yothamangirako. Munthu akakutchulirani ndalama yolowera pa Longshan kapena pa Ciyou, musiyeni pomwepo, lowani nokha.