Mafiriji a sola kuseri kwa msika wa Mangochi, ndakhala ndikusungitsako nsomba ndiye nazi zomwe ndaona

Amene mumachita geni ya nsomba zaziwisi pa boma pano mwina mwaiona kale shopu ija inatsegulidwa kuseri kwa msika, ili ndi mapanelo a sola denga lonse ndipo pakhomo sipalephera kuima njinga za kabaza zomanga ma cooler box kumbuyo. Dzina sindilemba kuopa kuti ena angamati andipatsa kenakake, koma wa kabaza aliyense mukangomuuza kuti ndikatuleni ku mafiriji akakufikitsani. Ntchito zawo ndi ziwiri basi, amagulitsa ayisi wa mabuloko komanso amasungira anthu nsomba, umalipira potengera kulemera kwa katundu wako ndi masiku omwe wagona mufiriji. Ineyo ndimaoda chambo ndi kampango m'madoko a ku Makawa ndi ku Namiasi nkumatumizira makasitomala anga ku Zomba ndi ku Limbe, nde malowa ndimawadziwa bwino ndithu.

Ndinene poyambirira kuti malowa ndi othandiza kwambiri ndipo amene sanayambe kusungitsako akuluza. Munthu amene sanakhaleko ku Mangochi mwezi wa October kapena November sangamvetse zomwe dzuwa la kuno limachita ndi nsomba. Chambo chovuulidwa mbandakucha chimakhala chowala, maso ali gaa, thupi lolimba, koma ukangochedwa nacho panjira olo pang'ono, ikamakwana 12 koloko maso ayamba kulowa mkati, mimba yafewa, ntchentche zakupeza kale. Kale zikafika pamenepo unkangotsala ndi njira ziwiri, kugulitsa motchipa kwa aliyense wodutsa kuti mpamba ubwerereko, kapena kuthamangira kukang'amba nkuwamba, ndipo kuwamba kumafuna nkhuni zomwe masiku ano mtolo wake mtengo ndi woopsa poti mitengo m'mapiri ikutha. Ena tinkapempha malo mu firiji za m'nyumba za anthu, koma mukukumbukira chaka cha 2022 chija namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, magetsi ankathima tsiku lonse mpakana chaka chinacho, ndipo anthu ambiri a geni ya nsomba mipamba inathera pamenepo. Unkapita kukatenga katundu nkupeza firiji yadzadza madzi ofiira, mwini nyumba naye akungokuyang'ana poti si vuto lake. Nde kukhala ndi malo omwe firiji ikungolirabe olo dera lonse kuli mdima, kwa ife ndi nkhani yaikulu.

Kalandiridwe ka katundu ndi komwe kanandisangalatsa kwambiri. Pa kauntala pamakhala mtsikana wina wovala hijabu, wamng'ono ndithu koma ntchito amaidziwa, Chiyao ndi Chichewa amangosinthasintha malinga ndi amene wabwera. Ukafika amakhuthula nsomba zako mu beseni lalikulu, amatenga imodzi imodzi nkudina ndi chala pamsana, chala chikasiya kadzenje osabwerera amaiika pambali, kenako amatsegula pambali pa mutu paja kuona ngati mkatimo mudakali mofiira. Yomwe yayamba kale kuonongeka salandira olo umuchonderere bwanji. Tsiku lina bambo wina wamkulu anabwera ndi kampango wamkulu bwino koma atagona, anayamba kukalipa kuti iwe mwana ungandiphunzitse nsomba ine ndinabadwira kunyanja, mtsikanayo anangoyankha mwaulemu kuti ankolo firiji sidzutsa nsomba yakufa kale, ndikalandira iyi fungo lilowa katundu wa amayi awa ndipo mawa adzandifunsa ndine. Bambo uja ananyamuka akung'ung'udza koma ife tonse tinali pamzere tinaona kuti katundu wathu ali m'manja abwino. Zikatha izo amayeza pa sikelo iwe ukuona, amamanga m'thumba, kulemba dzina lako ndi nambala pathumbapo, nambala yomweyo amailembanso m'buku ndi pa lisiti. Kulipira ndi kashi kapena Airtel Money kapena Mpamba, zonse amalandira ndipo sakuuza zoti uwonjezere yochotsera ngati mmene amachitira ena.

Chinanso, kasawala, tiana ta chambo tija, salandira. Ena zimawanyasa koma ine ndikugwirizana nazo, tonse tikudziwa zomwe zinachitika ku nyanja ya Malombe, akuluakulu amatiuza mmene chambo chinkachulukira kumeneko koma chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe, pano kwangotsala kambuzi. Munthu wa bizinesi akamakana yekha kusunga tiana ta chambo pomwe akanatha kudyapo ndalama, ameneyo ndi wofunika kumuyamikira. Nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka nsomba zikachepa, amasunga nkhuku, nyama ya mbuzi ndi mafirizesi a amayi ogulitsa kusukulu, ndipo za nyama zili ndi firiji yakeyake, komanso amalandira za halaal zokha zomwe kwa anthu ambiri kuno ndi zofunika kudziwa.

Ayisi wawo ndi wabwino, wolimba mpaka mkati osati uja wa mphako wongooneka kukula. Ndikalongedza bwino m'mawa nkukweza minibasi, katundu amadutsa Liwonde, Zomba mpaka kukafika ku Limbe ayisi asanathe, makamaka pano msewu wa ku Liwonde anaukonza sitikutayanso nthawi ndi maenje ngati kale. Madzi ake ndi a pampopi, thanki yawo ili poonekera, satunga ku Shire ayi. Izi ndinachita kufunsa ndi kudzionera ndekha chifukwa kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inatipweteka kwambiri kuno ku Mangochi, maliro tinayenda, nde nkhani ya madzi okhudza chakudya sindiitenga mwachibwana. Koma pomwepa ndi pamene pali vuto langa loyamba. Ukafuna ayisi woswa, anyamata amayala thumba pansi pakhonde nkumaswa ndi chitsulo, anthu akudutsa ndi nsapato pomwepo, zidutswa zina zimadumphira pa simenti nkuzitolanso kuziponya mu cooler box yako. Madzi abwino aja phindu lake lili pati tsono? Tebulo la chitsulo olo beseni lalikulu si zodula poyerekeza ndi ndalama zomwe analowetsa pa mapanelo ndi mabatire, ndinawauza achimwene omwe ndi eni malowa ndipo anavomera kuti akonza, koma mpaka pano thumba lija likadali pansi.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi la malo. Mafiriji ndi ochepa ndipo nsomba zikagwa bwino, makamaka mwezi ukakhala mumdima asodzi akapha zambiri, pamabwera mabwana a magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe amaimbiratu foni nkugwira firiji yathunthu masiku angapo. Iwe wa beseni limodzi wafika thukuta lili kamukamu kuchokera kudoko nkuuzidwa kuti amayi pepani mwadzadza. Zinandichitikira ndili ndi chambo chabwino kwambiri ndipo ndinachita kugula ayisi wambiri nkugona ndikuthira usiku onse, phindu lonse linathera pamenepo. Ndikumvetsa kuti bizinesi ndi bizinesi ndipo wamkulu amalipira zambiri nthawi imodzi, koma ife ang'onoang'ono ndi amene timabwera chaka chonse, nthawi ya mwera nsomba zikasowa mabwana aja saoneka, amene timasunga shopuyi ndife. Bwanji osapatula firiji imodzi yokha kuti iyi ndi ya anthu a mabeseni, olo wina abwere ndi ndalama zotani isakhudzidwe? Ndalankhula ndi amayi anzanga ambiri a mumsika ndipo dandaulo ndi lomweli.

Nthawi yotsegulira nayo sikugwirizana ndi geni yathu. Amatsegula 6 koloko pomwe wotumiza katundu kutali amafuna akhale atalongedza kusanache kuti akwere galimoto zoyamba. Lachisanu masana amatseka kupita kumzikiti, izo palibe angadandaule, kuno ndi mmene timakhalira, kungoti alembe pakhomo kuti alendo adziwe. Kukachita mitambo masiku otsatizana ngati mu January kapena nthawi ya chiperoni, mabatire amafooka ndipo ayisi amachepa, amayamba ateteza nsomba zosungitsa kaye zomwe ndi nzeru, jenereta ilipo koma mafuta akasowa pa filling station nayo imangokhala. Mtengo unakwera kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo wakhala ukukwerabe pang'onopang'ono, komabe kusungitsa beseni usiku umodzi sikufika mtengo wa chambo chimodzi chachikulu, pomwe beseni likaonongeka walira mpamba onse.

Tsopano za dera lomwe shopuyi ili, chifukwa kubwera kwake kwasintha kanjira konse kaja. Kale kuseri kuja kukada kunali koopsa, mdima wokhawokha, anthu ankalandidwa mafoni ndipo mzimayi sunkayerekeza kudutsako wekha. Eni shopu anaika magetsi awiri akuluakulu panja oyaka usiku onse, nde pano pali mayi wogulitsa tiyi ndi mandasi, pali mnyamata wa chipisi, wina watsegula kabenchi ka Airtel Money, akabaza apanga siteji yawo pomwepo. Mwezi wa Ramadan madzulo pamakhala anthu ambiri ogula futali ndi madzi ozizira mpaka kusangalatsa. Anyamata omwe amanyamula ndi kuswa ayisi ndi a m'dera lomwelo, mmodzi anandiuza kuti anali atayamba kale kusonkhanitsa ya thiransipoti yopitira ku Joni ngati anzake, pano akuti ayambe waona kaye. Inu mukudziwa mmene midzi yathu yatheramo anyamata chifukwa cha ulendo umenewu, akazi ndi ana kungotsala okha kudikira foni, nde olo atakhala anyamata ochepa otsala pakhomo chifukwa apeza chochita, ine ndimaona kuti ndi chinthu.

Koma ngalande, abale, ngalande ija. Madzi onse osungunuka ndi otsukira mabeseni, osakanikirana ndi mamba ndi magazi a nsomba, amatsikira mu ngalande ya kutsogolo yomwe inatsekeka kalekale ndi majumbo, mabotolo ndi mchenga. Madziwo sayenda, amangoima nkusanduka obiriwira, masana fungo lake limakulandira usanafike nkomwe, madzulo udzudzu ngati utsi, ndipo kuno malungo simasewera. Mayi wa mandasi uja amachita kuvundikira ndi nsalu ziwiri chifukwa cha ntchentche, ndipo mabanja okhala nyumba za kuseri ana awo amasewera m'mbali mwa madzi omwewo. Mvula ikagwa ndiye zonse zimasefukira mumsewu, wa kabaza amakutsitsa patali kuti uyende wekha m'matope ndi beseni pamutu. Apa mlandu ndi wa mbali ziwiri. Eni shopu akuyenera kukumba dzenje lawo lomwera madzi ndi kuika sefa yogwira mamba, asamangokankhira kunja ngati kuti kunjako kulibe anthu. Komanso amene amatidula matikiti mumsika tsiku ndi tsiku osaphonya, ndalama zathu zimagwira ntchito yanji ngati ngalande imodzi ikutha zaka osafukulidwa ndipo zinyalala zikungounjikana pakona? Tauni yathu ndi yomwe alendo onse opita kunyanja amadutsamo, amaima kujambula wotchi ya Queen Victoria ija ndi mlatho wa Bakili Muluzi, koma angoyenda pang'ono kulowa kuseri kwa msika aone zomwe ife timapuma tsiku lililonse. Amene amachita geni m'kanjirako anayesapo kusonkha nkulemba aganyu kufukula, koma popanda kotaya zinyalala mvula imodzi yokha zonse zinabwereramo.

Kwa amene mukufuna kukayesa, imbiranitu foni dzulo lake kuti akusungireni malo makamaka nthawi yomwe nsomba zagwa, ndipo pitani nazo molunjika kuchokera kudoko musayambe mwazungulira nazo mumsika kuyesa mwayi kenako nkumakasungitsa zotsala, akakubwezani. Tengani thumba lanu lolimba chifukwa awo ndi opyapyala, minga ya kampango imaboola, ndipo lisiti musataye poti popanda ilo katundu satulutsa olo akudziweni nkhope, mukatuma mwana kapena wa kabaza muyambe mwaimba. Ayisi gulani wa buloko mukaswe nokha kunyumba mpaka atakonza nkhani ya tebulo ija. A usipa ndi utaka wouma malowa sakukhudzani kwenikweni, koma a chambo, kampango, mcheni ndi mlamba wamuwisi, komanso amayi a malesitilanti ang'onoang'ono omwe mulibe firiji yodalirika, pitani mukaone nokha.

Kwa achimwene eni malowa, ngati muwerenge izi kapena wina akuuzeni, pempho langa ndi firiji imodzi ya ife a mabeseni, kutsegula 4 koloko olo masiku atatu okha pa sabata, ndi dzenje la madzi aja. Ndipo mukadzapeza mphamvu yotsegula nthambi ina, ganizirani tsidya lija la mlatho, anzathu ochokera ku Malindi ndi mbali ya ku Makanjira amafika pa boma nsomba zitatopa kale ndi msewu uja, ambiri mwa omwe mtsikana wanu amawabweza pa kauntala ndi amenewo.