Ayambe pulogalamu yawoyawo kapena alowe mu ya eni ake?

Mphunzitsi wa ku yunivesite akafuna kuti ophunzira adziwe kuthandiza nawo pa mapulogalamu a pakompyuta aulere, omwe khodi yake (zolemba zouza kompyuta zochita) aliyense angathe kuiwerenga ndi kuisintha, amakumana ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi yoti gulu la ophunzira lipange pulogalamu yawoyawo, liyiike pa GitHub kapena GitLab, masamba a pa intaneti osungirapo khodi, ndi layisensi yololeza ena kuigwiritsa ntchito ndi kuisintha, monga GPL kapena MIT. Imeneyi sivuta kuchonga. Git, chida chosunga mbiri ya zosintha pa khodi, amaidziwa, ntchito amagawana, semesita ikatha nkhani yathera pomwepo. Koma khodiyo palibe mlendo amene amaiwerenga, ndipo mnzako wa m'kalasi sangakubwezere ntchito. Amangoti bola ikuyenda.

Yachiwiri ndi yowatumiza ku pulojekiti yomwe ilipo kale, monga LibreOffice, Moodle kapena Django. Apa ndiye pamatuluka thukuta. Masiku oyambirira amatha akungolimbana kuti pulogalamuyo iyambe kugwira ntchito pa kompyuta yawo. Akatumiza zomwe akonza, woyang'anira wosawadziwa n'komwe amawabwezera: fupikitsani, onjezani ma test (khodi yoyesera ngati zonse zikuyenda bwino), werengani kaye malamulo athu. Phunziro lenileni lagona pamenepo. Chovuta n'chakuti ambiri mwa oyang'anirawa amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo kalendala ya yunivesite alibe nayo ntchito. Yankho litha kufika mayeso atadutsa kale. N'chifukwa chake malikisi asadalire kuti khodiyo yalandiridwa kapena ayi. Mphunzitsi aone mmene wophunzira anafotokozera vutolo komanso mmene anayankhira atadzudzulidwa.

Ine mtima wanga uli pa yachiwiriyi, koma osati mwachisawawa. Mu 2020, pa Hacktoberfest, mwambo wa mu Okutobala womwe unkapereka malaya kwa othandiza pa mapulojekiti otere, anthu ofuna malaya aulere anakhuthulira mapulojekiti zosintha zopanda mutu, mpaka okonza mwambowo anasintha malamulo. Kalasi yonse yothamangira malikisi itha kuchita zomwezo. Ndi bwino mphunzitsi ayambe walankhula ndi eni pulojekiti, ndipo ophunzira ayambire pa zing'onozing'ono: ntchito zolembedwa kuti "good first issue" (zoyenera oyamba kumene), kukonza malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamuyo, kapena kutsimikizira kuti vuto lomwe wina wadandaula lilipodi.

Nanga Google Summer of Code, yomwe inayamba mu 2005, kapena Outreachy? Awa ndi madongosolo olumikiza oyamba kumene ndi mapulojekiti otere. Kumeneko kuli mlangizi ndi malipiro, koma amatenga ochepa, ndiye sizingalowe m'malo mwa kosi. Ku Outreachy munthu amayenera kuthandizapo kaye pa pulojekiti asanasankhidwe, choncho wophunzira amene anazolowera kubwezeredwa ntchito m'kalasi amafikako atapsa kale.