Njinga yamoto ya 125cc kapena ya 150cc kuno ku Salima?

Pa Kamuzu Road zonse ziwiri zimaoneka ngati mapasa, koma mukazikwera mudzamva kusiyana.

Ya 125cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini), monga Honda Ace 125, ndi yopepuka, ndipo petulo imamwa pang'ono. Ya 150cc, monga Bajaj Boxer 150, ndi yolemerako koma ili ndi mphamvu.

Mafuta: yaing'ono ikupulumutsirani ndalama ngati ulendo wanu ndi wa tsiku ndi tsiku, kuchoka pa boma kupita ku Senga Bay ndi kubwerera.

Zitunda: apa ndiye pali nkhani. Msewu wa M14 wopita ku Lilongwe uli ndi zikweza zazitali. Mutabereka munthu ndi thumba la mpunga, ya 125cc imalira mpaka kukumvetsani chisoni, pamene ya 150cc imakwera osapuma wefuwefu. Mumchenga wa kunyanja nakonso yaikuluyi imalimba mtima, ngakhale ikagwa kuidzutsa ndi ntchito.

Sipeya: funsani kaye amakaniko apafupi musanagule.

Laisensi: ya A1 imalola njinga yosapitirira 125cc, ya A ndiyo yathunthu, imalola zonse. Zonsezi zimayamba ndi laisensi yophunzirira ku Road Traffic, kenako mayeso oyendetsa. Ine ndikuti tengani ya A, kuti mukadzafuna yaikulu musadzayambirenso. Chipewa cholimba musachiiwale, ngozi zapamsewu zatilanda achinyamata ambiri.

Mphunzitsi kapena namwino woyenda yekha, ya 125cc yamukwanira. Wakabaza kapena wogula nsomba ku Chikombe, atenge ya 150cc.