Bambo wonola malumo akale ku Yorkshire: dzanja labwino, koma konzekerani kudikira

Ngati muli ndi lumo lakale lija lometera ndevu, lopinda ngati mpeni, chonde musalipereke kwa onola zikwanje pa gurayinda. Chitsulo cha kukamwa kwake n'chopyapyala, chikangotentha chimafewa ndipo sichisunganso kuthwa. Langa ndinalitumiza pa positi kwa bambo ena a ku Yorkshire, m'dziko la England, amene ntchito yawo ndi imeneyi basi.

Lumolo ndi la kampani ya Wade & Butcher, lopangidwa ku Sheffield, ndipo ndinaligula pa car boot sale (msika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito) kuno ku Leeds lili dzimbiri lokhalokha. Linalembedwa "Sheffield" popanda "England". Okonda malumo amati nthawi zambiri zikatero ndiye kuti linapangidwa 1891 isanafike, chifukwa lamulo la ku America la mu 1890 linkafuna kuti katundu wolowa kumeneko azilembedwa dziko lochokera. Chogwirira chake n'chanyanga, chinali chouma ndiponso chothetheka pafupi ndi kamsomali.

Chimene ndawakondera bambowa n'chakuti amadziwa polekezera. Dzimbiri analichotsa ndi sandipepa pamanja, koma timadontho takuda tozama anatisiya. Anandiuza kuti kuti tichoke, zilembo za kampani zikanafufutika nazo limodzi. Ena amapukuta lumo mpaka kuwala ngati galasi, n'kukubwezerani chitsulo chopanda dzina. Nyanga ija sanaitaye, anaimata n'kuinyika m'mafuta, ndipo yabwerera mtundu wake wa bii.

Kunola ndiye kunali ntchito yeniyeni. Malumo akale a ku Sheffield ngati ili ndi okhuthala, ndiye pali chitsulo chambiri chofunika kudyedwa mbali ziwiri zisanakumane kukamwa kwake. Bambowa amayambira pa mwala wonolera wokhakhala wa nambala 1000 (nambala ikamakula, mwala umasalala), ndipo akuti mbali ziwirizo zikapanda kukumana bwino pamenepo, miyala yosalala ija ya 8000 kapena 12000 ndi kungotaya nthawi. Kumsana kwa lumo anamatako tepi kuti mwala usakudye, ndipo analemba pakapepala kuti wodzanola m'tsogolo adzamatenso chimodzimodzi. Anamalizira pa coticule, mwala wachikasu wokumbidwa ku Vielsalm m'dziko la Belgium, kenako pa lamba wachikopa.

Ndevu zanga n'zolimba, zopotana, ndipo malezala a mipeni isanu aja amandisiyira tiziphuphu pakhosi. Lumo ili likudutsa mosakoka, lili khwee, khungu osawawa. Ndikumeta motsatira kumene ndevu zagonera, osati mozibwenza, ndipo pakhosi pakukhala bata.

Chodandaula chilipo. Bambowa sachedwa kulandira ndalama, koma kuyankha uthenga ndiye mpaka utakumbutsa. Lumo linakhalitsa kwawoko kupitirira nthawi imene analonjeza, moti ndinayamba kuganiza kuti lasochera ku positi. Mtengo wokonza ndi kunola unaposanso umene ndinagulira lumolo, ngakhale zimenezo ndinkaziyembekezera.

Analibweza litapakidwa mafuta, ndi malangizo akuti ndimete kaye kamodzi ndisanalikhudzitse pa lamba wanga, kuti ndimve kuthwa kwake mmene lachokera m'manja mwawo. Ndaona lumo lina la kampani ya Joseph Rodgers, la chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda, ndipo ndikaligula lipita kwa iwo omwewo, koma ndidzawafunsa tsiku lenileni ndisanalipire.