Mmisiri wa m'dera, kalipentala wa madenga kapena kampani: tisankhe uti muno mu Lusaka?

Mitambo ikayamba kusonkhana kumapeto kwa Okutobala, aliyense amene chaka chatha ankatchera mabeseni pakati pa chipinda amayamba kufunsa anzake kutchalitchi ndi kuntchito ngati akudziwa mmisiri wodalirika. Ine ndimasamalira nyumba imene bambo anga anagula ku Chilenje pamene nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, ndipo pa zaka zonsezi ndalembapo anthu a mitundu itatu: mmisiri wa m'dera amene amalandira ntchito iliyonse ya pakhomo, kalipentala amene amakhoma madenga okhaokha ndipo amayenda ndi anyamata ake awiri kapena atatu, ndiponso kampani yolembetsedwa ku boma. Chimene ndaona n'chakuti mtengo umene munthu amatchula tsiku loyamba sunena zambiri. Funso lenileni ndi lakuti, mvula ikagwa denga n'kudontha, mudzatha kumupeza ndani, ndipo mudzakhala muli ndi chiyani m'manja chomubwezera pantchito?

Ndiyambe ndi mmisiri wa m'dera, chifukwa ambirife ndi amene timathamangirako. Ubwino wake ndi woti amavomera ntchito zimene wina aliyense angazinyoze, monga kusintha lata limodzi lodyeka ndi dzimbiri, kukhoma chitseko chimene chatsika, kutseka mng'alu wa pakhonde, kapena kuchotsa masamba a mango amene atseka njira ya madzi padenga. Amabwera wapansi kapena panjinga, salipiritsa ulendo, ndipo mumadziwa kumene amagona. Mbiri yake ili m'kamwa mwa anthu omwewo amene amakumana nawo pamsika ndi pamaliro, choncho kuthawa ndi ndalama zanu kumamuvuta kuposa mlendo. Amadziwanso nthaka ya kwawo, ndipo ichi si chinthu chaching'ono. Ku Kanyama, kumene thanthwe lili pafupi ndipo madzi a mvula amaima masiku ambiri osalowa pansi, khoma lonyowa nthawi zambiri limamwa madzi kuchokera pansi, ndipo mmisiri wokulira komweko amazindikira zimenezi msanga, pamene wochokera kutali angakugulitseni malata atsopano pa vuto la maziko.

Chofooka chake ndi chimodzi, koma chachikulu: kawirikawiri savomera kuti ntchito ina saidziwa. Munthu waluso pa pulasitala amalandira ntchito ya denga ndi nkhope yomweyo. Zinandichitikira ineyo pamene tinkafolera khitchini ya panja. Amisiri amene ndinawalemba anakhoma misomali m'zigwa za malata, momwe madzi amadutsa, m'malo mokhoma pamsana, ndipo mvula yoyamba itagwa msomali uliwonse unasanduka kasupe. Nditawaitana anabweradi tsiku lomwelo, zimene ndimawayamikira mpaka lero, koma mankhwala awo anali kupaka phula pamisomali yonse, ndipo phula lija linang'ambika ndi dzuwa la Okutobala wotsatira. Malata aja anali atabowoledwa kale pamalo olakwika, ndipo ndinawagulanso kachiwiri.

Kalipentala wa madenga ali pakati pa mbali ziwirizi, ndipo pa nyumba wamba ya zipinda zitatu kapena zinayi ine ndimaona kuti ndi amene amayenera. Ambiri amapezeka ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata kumene akalipentala ndi owotcherera zitsulo amayala ntchito zawo, ndiponso pafupi ndi msika wa matabwa wa Buseko cha ku Matero. Ena ali ndi satifiketi ya mayeso a umisiri ochokera ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kufunsa za pepalalo si mwano, koma alipo aluso ambiri amene anaphunzira potumikira mmisiri wamkulu zaka zambiri popanda kulowa m'kalasi. N'chifukwa chake umboni umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi denga limene munthuyo anakhoma ndipo ladutsa madzinja awiri. Pitani mukalione, mulankhule ndi eni nyumba iye palibe, ndipo ngati n'kotheka suzumirani m'kati mwa siling'i. Onani ngati mitanda yatalikirana mofanana, ngati malata alowana mokwanira polumikizira, ngati chivundikiro cha pamsonga chaphimba bwino mbali zonse ziwiri, ndipo koposa zonse onani ngati matabwa a denga amangidwa ku khoma ndi waya wolimba kapena lamba wachitsulo wolowa m'mabuloko. Madenga amene timawaona atagwera m'mabwalo a anansi mphepo ya mvula yoyamba ikawomba, ambiri amakhala oti malata anakhomedwa bwino pamatabwa, koma matabwawo anangosanjikidwa pakhoma, kapena kutsindiridwa ndi miyala ndi matayala monga timaonera m'makomboni.

Vuto la kalipentala wotereyu ndi nthawi. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala aliyense amamufuna, ndipo iye amalandira ndalama zoyambira kwa anthu atatu nthawi imodzi. Amasasula denga lanu Lolemba, Lachitatu ali ku Chalala pa ntchito ina, inu mukugona moyang'ana nyenyezi ndi mantha a mitambo. Sikuti onse ndi achinyengo. Ambiri amangoopa kukana ntchito m'nyengo imene imawadyetsa chaka chonse. Komabe nyumba yosasulidwa ndi yanu, ndipo njira yopewera zimenezi ndi kugwiritsa ntchito ya denga pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene kumwamba kuli mbee ndipo amisiri ali ndi mpata, ngakhale kuti mphepo ya Ogasiti imafuna kusamala ponyamula malata aatali.

Kampani imabwera ndi mapepala, ndipo mapepalawo ali ndi phindu lake. Kampani yeniyeni imakhala yolembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndiponso ku National Council for Construction, bungwe limene limaika makontrakitala m'magiredi 6, giredi 1 kukhala ya makampani aakulu kwambiri ndipo giredi 6 ya aang'ono, amene ndi okwanira pa nyumba yokhalamo. Imakupatsani kotesheni yolembedwa, marisiti, ndi lonjezo lodzakonza ngati ntchito yalakwika m'nthawi imene mwagwirizana. Zinthu zikavuta muli ndi poyambira, kaya ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe loteteza ogula, kapena ku Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Palinso nkhani imene ambiri sitiiganizira mpaka ngozi itachitika: munthu akagwa padenga panu. Kampani yotsatira lamulo imalembetsa antchito ake ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lolipira chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, pamene mnyamata wa pisiweki akathyoka mwendo pakhomo panu, abale ake adzabwera kwa inu, ndipo mtima wanu sudzakulolani kuwabweza chimanjamanja.

Mtengo wake ndi wokwera, chifukwa mumalipirira ofesi, galimoto, phindu la eni ake, ndiponso msonkho wa VAT wa 16 peresenti ngati kampaniyo ili m'kaundula wa msonkhowo. Ntchito yaing'ono saifuna, ndipo mukaiitanira lata limodzi mudzadikira mpaka dzinja litatha. Ndiyeneranso kunena kuti makampani ang'onoang'ono ambiri alibe akalipentala awoawo, amakatenga yemwe uja wa ku Kalingalinga n'kumuveka ovololo, choncho funsani kuti amene adzakwere padenga ndani komanso amene adzayang'anire ntchito tsiku ndi tsiku ndani. Ngakhale zili choncho, pali ntchito zimene sindingapatse wina aliyense koma kampani. Yoyamba ndi kuchotsa malata akale a asibesitosi amene akadali pa nyumba zambiri za ku Chilenje, Libala, Kabwata ndi Matero, chifukwa fumbi lake likapumidwa limawononga mapapo ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Malatawa safunika kudulidwa ndi makina, kuswedwa kapena kukwechedwa ndi burashi yawaya, ndipo akakalamba amathyoka munthu akapondapo. Yachiwiri ndi denga lalikulu la makona ambiri, la mafelemu achitsulo, monga amene akumangidwa kumayadi atsopano, chifukwa pamene mbali ziwiri za denga zimakumana m'chigwa ndi pamene madzi onse amasonkhana, ndipo kulakwitsa pamenepo kumawononga siling'i ya nyumba yonse. Mafelemu achitsulowo amafunanso magetsi owotcherera, ndipo mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku, owotcherera opanda jenereta ankagwira ntchito usiku wokha kapena osagwira n'komwe, ndipo amene analemba kampani yokhala ndi jenereta ndiwo anafolera mvula isanafike. Yachitatu ndi ntchito iliyonse yosintha kamangidwe ka nyumba, imene imafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo.

Kaya mwasankha uti mwa awiri oyambawo, katundu gulani nokha, mmisiri akuperekezeni. Pa malata, nambala ya geji ikakwera ndiye kuti lata lapyapyala, moti geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32, ndipo munthu amene mwamupatsa ndalama za yoyambayo angathe kubwera ndi yachiwiriyo inu osazindikira mpaka itayamba kupindika. Uzani wogulitsa alembe kuchindikala kwa lata m'mamilimita pa risiti. Malata a IBR, aja a misana ya makona, amaphimba mamilimita 686 m'lifupi akalowana, choncho mungathe kuwerengera nokha chiwerengero chake musanavomere chimene mwauzidwa. Matabwa a paini akhale ouma ndi othiridwa mankhwala, chifukwa aawisi amapindika akauma padenga ndipo chiswe cha muno sichichedwa. Pa chifukwa chomwechi, khonde la matabwa limene ena amalikhumbira liyenera kukhala pa nsanamira zachitsulo kapena za simenti, thabwa lisakhudze dothi. Kampani yokha ndi imene ndimailola kugula katundu, chifukwa lonjezo lake limaphatikiza katunduyo.

Malipiro a tsiku ndi tsiku amayenera ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri, koma pa denga lonse amachititsa ntchito kutalika, choncho gwirizanani mtengo wa ntchito yonse ndipo muulembe, ngakhale papepala la m'kope, nonse awiri musainire pamaso pa mboni. Ine ndimalipira katatu: pang'ono poyamba, gawo lalikulu matabwa akaima ndipo ndawayendera malata asanaphimbe, ndi gawo lotsala mvula yamphamvu ikagwa kawiri. Ndimatumiza pa foni kuti uthenga wa malipiro ukhale umboni. Kalipentala amene anafolera nyumba yaikulu ya ku Chilenje anayamba wadandaula za gawo lotsalalo, chifukwa ntchito inatha mu Julayi ndipo ndalama zake zinayenera kudikira mpaka kumapeto kwa chaka. Tinagwirizana kuti likhale limodzi mwa magawo khumi a mtengo wonse. Mu Disembala anabwera yekha ndi makwerero, analowa m'siling'i ndi tochi, anapeza msomali umodzi umene unaphonya thabwa pamwamba pa bafa, anaukonza, ndipo ndinamulipira tsiku lomwelo.