Kuthamanga, jimu kapena kuyenda ndi katundu: njira iti imakonzekeretsa thupi kuthawa ngozi?

Namondwe wa Freddy atafika m'chigawo chakummwera mu March 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje misewu ndi milatho yambiri inaduka, moti ngakhale amene anali ndi galimoto pakhomo sanathe kuigwiritsa ntchito. Anthu oposa 600,000 anasiya nyumba zawo, ndipo ambiri mwa iwo anafika kumalo okwera pa miyendo yawo, ena atabereka ana, ena atasenza katundu, ena akuchirikiza makolo okalamba. Sindikunena kuti amene anataya moyo anali ofooka, chifukwa phiri likagumuka silisankha wamphamvu. Ndikunena za maola amene amatsatira, pamene munthu wapulumuka kale koma ayenera kuyenda mtunda wautali m'matope kuti akafike pamene pali thandizo. Pa maola amenewo thupi limapatsidwa ntchito zitatu, ndizo kuyenda nthawi yaitali osapuma, kunyamula cholemera, ndi kutulutsa mphamvu zambiri kwa kanthawi kochepa, monga pokweza mwana padenga kapena pokoka mnzako amene watitimira. Njira iliyonse yolimbitsira thupi ndiiyeza ndi ntchito zitatu zimenezi, osati ndi mmene munthu akuonekera pagalasi.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ife a m'tauni. Mayi wa kumudzi amene amatunga madzi tsiku lililonse ndi ndowa ya malita 20 amasenza makilogalamu 20 pamutu, popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo bambo amene amagalauza munda ndi khasu safunika kuuzidwa za kulimbitsa msana. Koma amene timakhala pa mpando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kukwera minibasi kapena kabaza ngakhale pa mtunda wa mphindi khumi, mimba n'kumakula anthu n'kumatiyamikira kuti zinthu zikuyenda, ndife amene tingadzidzimuke tsiku limenelo.

Kuthamanga ndiye njira imene ambiri amayamba kuiganizira, ndipo ubwino wake ndi woonekeratu. Kumalimbitsa mtima ndi mapapo mofulumira kuposa kuyenda wamba, sikufuna ndalama kupatula za nsapato, ndiponso kumasunga nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi osatopetsa kwambiri kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, koma ngati masewerawo ndi olemetsa monga kuthamanga, mphindi 75 mpaka 150 zimakwanira. Kwa munthu amene amachoka pakhomo kusanache n'kubwerako kutada, kusiyana kumeneku n'kofunika. Vuto ndi lakuti pothamanga, mwendo umodzi umalandira mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi nthawi iliyonse ukagunda pansi, choncho munthu wonenepa amene wangoyamba lero, pa misewu yathu ya maenje ndi miyala, mawondo ndi akakolo amayamba kudandaula mwezi usanathe, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Vuto lachiwiri ndi lakuti wothamanga amazolowera kuyenda chimanjamanja. Mpatseni mwana wa zaka zitatu, amene amalemera pafupifupi makilogalamu 14, pamodzi ndi chikwama, mudzaona kuti mpweya ali nawo koma mapewa ndi msana zagonja msanga. Pa ntchito zitatu zija, kuthamanga kumakhoza bwino yoyamba yokha.

Jimu imadzaza malo amene kuthamanga kumasiya. Kunyamula zitsulo kumakulitsa minofu ndi kulimbitsa mafupa, ndipo malangizo a WHO omwewo amati masewera olimbitsa minofu azichitika masiku osachepera awiri pa sabata. Pokweza munthu wovulala, pochotsa mtanda wa denga umene wagwera pakhomo, kapena posuntha thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuti madzi asalifike, munthu wa ku jimu amaposa wothamanga kutali. Komabe ndili ndi zodandaula ziwiri. Choyamba ndi ndalama za mwezi ndi mwezi pamodzi ndi zoyendera, zimene zimachititsa kuti mwezi umene thumba lapepuka masewera nawonso aime. Chachiwiri ndi chizolowezi cha anyamata ambiri chokulitsa chifuwa ndi mikono yokha, miyendo n'kukhala ngati ya nkhuku, pamene tsiku la ngozi miyendo, chiuno ndi mphamvu ya zala pogwira chinthu ndizo zimagwira ntchito yaikulu. Komanso chitsulo cha ku jimu chinapangidwa kuti chigwirike bwino, pamene katundu wa tsiku la ngozi amakhala wonyowa, woterera, mwinanso akulira ndi kuphiriphitha. Amene alibe ndalama za jimu asadandaule kwambiri, chifukwa kunyonyomala n'kuimirira atakumbatira chigubu cha madzi, kukwera ndi kutsika masitepe, kuchita mapushapu, ndi kuyenda mamita 30 atanyamula ndowa ziwiri m'manja zimapereka gawo lalikulu la phindu lomwelo pakhonde pa nyumba.

Njira imene ndikuiika patsogolo ndi yachitatu, imene ambiri amainyoza chifukwa sioneka ngati masewera, ndiyo kuyenda mwachangu utabereka chikwama cholemera, makamaka pa njira ya zitunda. Asilikali a m'maiko ambiri amaphunzitsidwa motero, ndipo aliyense amene anaonapo anyamata onyamulira alendo katundu pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, amadziwa mtundu wa mphamvu umene kuyenda kotere kumabala. Chifukwa chachikulu chimene ndimaikondera n'chakuti imafanana ndendende ndi chimene ngozi idzafune kwa inu. Mtima umagwira ntchito kwa nthawi yaitali, miyendo ndi msana zimazolowera kulemedwa, mapazi amazolowera nsapato zimene mudzathawire, ndipo popeza phazi limodzi limakhala pansi nthawi zonse, mawondo sagundidwa ngati pothamanga. Palinso phindu lina limene jimu singapereke, lakuti mukamayenda m'dera lanu mumadziwa njira zachidule zopita kumtunda, timilatho timene timamira mvula ikagwa, ndi nthawi yeniyeni imene mungatenge kuti mukafike ku sukulu kapena ku tchalitchi kumene anthu amathawirako. Ine nditayesa koyamba ndi mabotolo a madzi okwana malita 10 m'chikwama, ndinkaganiza kuti ndi masewera a ana, koma chitunda chimene ndimachikwera pa minibasi osachizindikira chinandiimitsa kawiri ndili wefuwefu.

Njirayi ili ndi zofooka zake. Imadya nthawi yambiri kuposa kuthamanga, ndipo amene amafulumira kuwonjezera katundu amadzipweteka msana ndi mapewa. Ndi bwino kuyamba wopanda kanthu kwa masabata awiri kapena atatu, kenako kuika makilogalamu 5, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lanu, ndipo kupitirira apo kudikire miyezi ingapo. Katundu akhale pafupi ndi msana ndiponso chakumwamba, asamalendewere kumatako. Liwiro loyenera ndi limene mungathe kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba. Madzi ndiwo katundu wabwino wophunzirira, chifukwa mukatopa mutha kumwako kapena kutaya, ndipo potsika chitunda, pamene mawondo amavutika kwambiri, mutha kupepukitsa chikwama.

Pa nkhani ya kuchepetsa thupi, njira zitatu zonsezi zimagonja pamaso pa mbale. Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Munthu wolemera makilogalamu 80 akathamanga makilomita 5 amatentha makalori pafupifupi 400, kutanthauza kuti afunika maulendo otere pafupifupi 20 kuti achotse kilogalamu imodzi ngati kadyedwe kake sikasintha. Tsono botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zotsekemera lili ndi makalori pafupifupi 200, supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi 120, ndipo amene amamaliza kuthamanga n'kukaima pa chiwaya amabwezera thukuta lake lonse m'mphindi zochepa. Apa mpamene ambiri amataya mtima n'kunena kuti masewera sathandiza, chonsecho masewera anagwira ntchito yake yolimbitsa thupi, koma ntchito yochepetsa mafuta inali ya kukhitchini. Kuchotsa mtanda umodzi wa nsima pa chakudya chamadzulo, kuchepetsa shuga mu tiyi ndi mu thobwa, kuchepetsa mowa ndi mandasi, n'kudzaza mbale ndi nkhwani, chisoso kapena bonongwe pamodzi ndi nyemba, usipa, mazira kapena soya, kumachotsa makalori ambiri popanda njala yosautsa. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, ngakhale kuti mitanda inayi ya mgaiwa ikadali mitanda inayi.

Kuchepa thupi n'kofunika pa kukonzekera ngozi chifukwa makilogalamu owonjezera ndi katundu amene simungamutule panjira, ndipo ofufuza anapeza kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wonenepa wachotsa imapepukitsa bondo ndi pafupifupi makilogalamu anayi nthawi iliyonse phazi likaponda pansi poyenda. Koma kachotsedwe kake kali ndi kanthu. Amene amadzimana chakudya kwambiri kuti atsike msanga amataya minofu pamodzi ndi mafuta, moti sikelo imasangalatsa koma munthu satha kukweza ndowa imene kale ankaikweza. Ma tiyi ochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndiye sindiwawerengera n'komwe, chifukwa ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo chimene chimachoka ndi madzi amene amabwerera mukangomwa. Kutsika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndiko koyenera, uku mukudya ndiwo zomanga thupi ndi kunyamula zolemera kuti minofu isathe. Amene alibe sikelo atenge chingwe chotalika ngati msinkhu wake, achipinde pakati, aone ngati chikuzungulira m'chiuno cha pa mchombo, ndipo ngati sichikukumana ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka.

Ena amafunsa za kusambira, poganiza kuti ngozi yathu yaikulu ndi madzi. Kudziwa kusambira n'kwabwino, makamaka kwa a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, koma madzi osefukira othamanga ongofika masentimita 15 amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo amabwera ndi mitengo, malata ndi miyala. Palibe masewera amene amakonzekeretsa munthu kulimbana nawo, ndipo mphamvu zimene tikukamba pano ndi zoti muchokere msanga madziwo asanafike.

Kwa munthu wa m'tauni wonenepa pang'ono amene sanachitepo masewera, ndingasankhe kuyenda masiku anayi pa sabata, awiri mwa iwo ndi chikwama, n'kuwonjezera masiku awiri onyamula zolemera kwa mphindi 20 pakhomo kapena ku jimu, ndipo kuthamanga kubwere pambuyo, thupi litapepukako, ngati timaulendo tachidule tokwera chitunda. Wachinyamata wopepuka thupi amene nthawi imamuchepera angathe kuika kuthamanga pakati, bola asaiwale chikwama kamodzi pa sabata. Amene ali ndi BP, matenda a shuga, vuto la mtima kapena ali woyembekezera ayambe waonana ndi a chipatala, ndipo aliyense amene wamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire ali pa masewera aime nthawi yomweyo. Anamondwe a Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, komanso Freddy mu 2023 onse anafika pakati pa January ndi March, choncho amene wayamba m'nyengo yozizira ya May kapena June ali ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi yokonzekera. Mvula yoyamba isanagwe, abereke chikwama chenicheni chimene adzathawe nacho, chokhala ndi madzi, mankhwala, tochi ndi mapepala ofunika atakulungidwa m'pulasitiki, atenge mwana wake wamng'ono, ayende kuchokera pakhomo mpaka pamalo okwera amene banja linagwirizana, ndipo alembe mphindi zimene watenga.